Apongozi a pa Sikelo

"Mtsikana wa mafunso uja ali nane ngongole," anatero Nambewe akutembenuza usipa pa thandala. "Tsiku limene ndidzamuone, adzandidziwa."

Hajara, mnzake wa thandala loyandikana nalo, sanadzutse mutu n'komwe. Nkhaniyi anali ataimva mpaka kutopa nayo.

"Ngongole yanji, Anambewe? Anakutengerani usipa?"

"Bola akanatenga usipa. Ananditengera nthawi. Anandikhazika pa mchenga wotentha, ntchentche zikuchita ukwati pa nsomba zanga, iye n'kumandifunsa ngati wapolisi. Pochoka anati chiyani? 'Amayi, tidzabweranso mwera usanathe kudzakuuzani zimene tapeza.' Mwera unatha. Mango ayamba kupsa. Iwe unamuona?"

"Wallahi, ndikulumbira, sindinamuone."

"Basi. Ngongole imeneyo."

Dzina lake la ubatizo linali Fanny, koma pa doko la kwawo, kufupi ndi Chipoka, aliyense ankangoti Nambewe. Sukulu analekeza Sitandade 2. Komabe panalibe wogula wa ku Lilongwe amene anamupusitsapo pa muyeso. Munthu akabwera ndi chigoba chake choyezera usipa, Nambewe ankachilanda kaye, n'kuchitembenuza, n'kuchigogoda kunsi. Akakhutira, m'pamene malonda ankayamba.

Mtsikana wa mafunsoyo anali Gladys, wa ku bungwe lina limene linaika makina olankhula pa chipatala chaching'ono cha m'deralo. Makinawo anali tabuleti yaikulu ngati thireyi, yokhomedwa pa khonde pafupi ndi chitseko. Munthu akafika, inkamujambula nkhope, n'kumufunsa mafunso m'Chichewa, iye n'kumayankha pakamwa kapena kukhudza pagalasi. Akatero ankalandira kapepala kolowera kwa anamwino. Amayi a ku sikelo anaipatsa dzina lakuti Apongozi, poti aliyense ankaidutsa akuyang'ana kumbali.

Makinawo atatha mwezi umodzi, Gladys anayenda m'midzi kufunsa anthu maganizo awo. Anali ndi pepala la nkhope zisanu zojambula, kuyambira yoseka mpaka yolira.

"Kodi makinawa mumachita nawo mantha?" anafunsa tsiku limenelo. "Lozani nkhope yofanana ndi mmene mumamvera."

"Mantha?" anatero Nambewe. "Ndinabereka ana asanu ndi mmodzi ine. Ndinakwerapo bwato mwera uli pakati. Ndingaope galasi?"

Analoza nkhope yoseka kuti mtsikanayo achoke msanga. Hajara analozanso yomweyo. Amayi ena onse amene anali pa mathandala anachita chimodzimodzi, aliyense akuona chala cha mnzake.

Masana a tsiku limene anadandaula za ngongole lija, Nambewe anafika pakhomo n'kupeza mwana wake Tamanda atakhala pa khonde, atatsamira khoma. Tamanda anali woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri. Mwamuna wake anali ku ntchito ku Nkhotakota. Nambewe anayang'ana pansi n'kuona patapata ali pambali.

"Bwanji sunavale patapata?"

"Akundithina, amayi."

"Patapata amathina? Tandionetsa mapaziwo."

Mapazi anali atatupa ngati mikate. Nkhope nayo inali yotupa. Nambewe anadinikiza chala pa mwendo, ndipo pamene anachotsa, panatsala kadzenje.

"Mutu?"

"Ukuwawa. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Ku sikelo unapita liti?"

"Ndinapita."

"Sindinafunse ngati unapita. Ndati liti? Bweretsa buku."

Zilembo Nambewe sankatha kuwerenga, koma zidindo ankawerenga. Anatsegula buku la kuchipatala n'kupeza zidindo ziwiri zokha.

"Ziwiri! Nanga masiku onse aja unkasamba m'mawa n'kunyamuka, unkapita kuti?"

"Ndinkakhala kwa anzanga, n'kubwerera masana."

"Iwe mwana iwe! Ukufuna kundiphera mdzukulu?"

Tamanda anayamba kulira. "Ndi Apongozi aja, amayi. Ulendo wachiwiri uja pa khonde panali podzadza. Anthu a m'mudzi muno, ngakhale azibambo odikira mankhwala. Makina aja n'kunena mokweza kuti, 'Tamanda, kodi munapitapo padera? Nenani inde kapena ayi.' Ine ndinanong'ona. Iwo akuti, 'Sindinamve. Nenani mokweza.' Ndinanena. Anthu onse anatembenuka. Kenako akuti, 'Mukuyembekezeka kuchira mwezi wa Disembala.' Pagulu, amayi! Si inu nomwe munandiuza kuti mwezi satchula?"

Zinali zoona. Tamanda atapita padera chaka chathacho, Nambewe mwiniwake ndiye anamulangiza kuti mimba ina ikadzabwera asadzauze munthu mwezi wake, poti si onse okusekerera amene amakufunira zabwino.

"Pukuta misozi," anatero. "Mawa tilawirira. Apongozi akowo akalankhula ndi ine."

M'mawa mwake anakwera makabaza awiri. Wakabaza atayamba kunena kuti msewu waipa, Nambewe anamudula. "Msewu waipa lero? Palasa, bambo, mwanayu akudwala."

Pa khonde la chipatala panali mzere. Nambewe sanaime pamzere. Anagwira Tamanda padzanja n'kulunjika pa chitseko. Atayandikira, galasi lija linayaka.

"Takulandirani," anatero mawu a mayi kuchokera m'makinamo. "Chonde yang'anani pagalasi."

"Iwe khala chete," anatero Nambewe. "Sindinabwerere iwe."

"Sindinamve. Nenani mokweza."

"Ndati khala chete!"

Khonde lonse linafa nacho chiseko. Phokosolo linatulutsa anamwino, mayi wamfupi wa magalasi dzina lake Molly. Anangoyang'ana nkhope ya Tamanda kamodzi, n'kuyang'ana mapazi.

"Lowani naye. Msanga."

"Kapepala tilibe," anatero Nambewe, atakonzeka kale kukangana.

"Kapepala n'kachiyani? Palibe lamulo loti munthu asathandizidwe chifukwa sanalankhule ndi makina. Wosafuna makina amangonena, timamulemba pamanja."

"Ndiye bwanji simunauze anthu?"

Anamwino anali atamanga kale lamba woyezera BP pa mkono wa Tamanda. Anayeza kawiri. Kenako anamugoneka n'kuika chomvera pamimba. Nambewe anaima pakona atagwira chitenje chake mwamphamvu.

"Mwana ali bwino," anatero anamwino. "Mtima ukugunda mwamphamvu. Koma magazi a mayiyu akuthamanga kwambiri. Kutupa nkhope ndi mapazi, mutu wosaleka, maso kuchita chidima, zimenezi si za kudikira nazo kunyumba. Mwabwera pa nthawi yake. Mukanachedwa masabata awiri tikanalankhula zina. Timupatsa mankhwala pompano, ndipo galimoto ikabwera apite ku chipatala chachikulu ku boma akamuone adokotala."

Nambewe anapumira m'mwamba. Anakhala pa benchi osapemphedwa.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero. Kenako anatembenukira kwa Tamanda. "Koma iwe, ukachira ndidzakukalipira bwinobwino. Lero ndakusungira."

Nambewe atatuluka kukagula madzi akumwa, anaona mtsikana atakhala pansi pa mtengo wa mthethe, mafayilo ali pamiyendo, akuyang'ana khonde la chipatala ngati munthu amene wataya mbuzi. Nambewe anamuzindikira nthawi yomweyo.

"Eya! Wangongole uja ndi uyu."

Gladys anadzidzimuka n'kuimirira. "Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka kale. Mwera unatha liti?"

Gladys anagwetsa nkhope. Anakumbukira. "Ndinalakwa, amayi. Pepani. Titawerengera mayankho, tinapeza kuti amayi asanu ndi anayi mwa khumi alionse alibe mantha ndi makinawa. Ku ofesi anati zonse zili bwino, palibe chobwererera kumudzi. Ine sindinalimbikire. Tsopano buku la sikelo likuonetsa kuti amayi ambiri asiya kubwera. Pepala langa likuti anthu akukondwa, buku la anamwino likuti anthu akuthawa. Ndabwera kuti ndimvetse, koma aliyense amene ndikumufunsa akuti zili bwino."

"Wina mwa othawawo ndi mwana wanga. Ali m'katimo, mapazi ngati mikate."

"Mayo ine! Ali bwanji?"

"Apulumuka. Koma osati chifukwa cha pepala lakolo."

Gladys anafunsa mofatsa, "Amayi, tsiku lija inuyo munaloza nkhope iti?"

"Yoseka."

"Munali okondwa nawo makinawo?"

"Ndinali ndi usipa pa thandala."

"Ndiye inunso muli nane ngongole. Ndinakupemphani zoona, munandipatsa zondithamangitsira."

Nambewe anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kamtsikana kameneka kanali ndi pakamwa ndithu. Anakhala pansi pa muzu wa mtengo, n'kumukodola kuti akhalenso.

"Tamvera, mwana wanga. Kodi chigoba chokhoma kunsi umachidziwa?"

"Ayi."

"Mavenda ena amatenga chigoba choyezera usipa, n'kuchiwamba pamoto, n'kukankhira kunsi kwake m'kati. Ukachiona kunja, n'chigoba chabwinobwino. Ukathira usipa chimadzadza msanga, wogula n'kumapita akusekerera. Akafika kwawo m'pamene amaona kuti wanyamula mphepo. Pepala lako lija linali chigoba chotero."

"Linalakwika pati?"

"Choyamba, unafunsa za mantha. Mantha ndi a ng'ona. Mantha ndi a mphezi. Ndani wamkulu angavomere pagulu kuti amaopa galasi? Chimene chinathamangitsa mwana wanga si mantha, ndi manyazi. Makina ako amafunsa za padera pa khonde, amatchula mwezi wochira anthu akumva. Kwanu ku Lilongwe mumatero?"

"Ngakhale kwathu satero."

"China n'kukayika. Nkhope yanga ikajambulidwa imapita kuti? Akuiona ndani? China n'chakuti ena sadziwa pokhudza. Zinthu zitatu zimenezi, iwe unaziponya m'thumba limodzi, usipa, utaka ndi kambuzi, n'kulemba pamwamba kuti mantha."

Gladys anali atayamba kulemba.

"Usalembe kaye, sindinathe. Unatifunsa pagulu, wina akuona chala cha mnzake. Unavala malaya a bungwe lomwe linabweretsa makinawo. Ndani angauze mwini mphatso kuti mphatso yako ikununkha? Mawa atichotsere ndi mankhwala omwe? Ndiye nkhope zako zija. Mlendo samuonetsa nkhope yolira. Hajara mpaka lero amaganiza kuti unkafunsa nkhope yokongola."

Gladys anaseka, koma m'maso munali misozi. "Ndithandizeni, amayi. Tiyezenso."

"Ndikuthandize ulele?"

"Mukufuna chiyani?"

"Zitatu. Malaya a bungwewo ukasiye kunyumba. Muyeso ndibweretsa ine. Ndipo unditchulire tsiku lodzabweza mayankho. Osati 'mwera usanathe.' Tsiku."

"Ndikafunse kaye ku ofesi."

"Ndiye kafunsenso ku ofesi amayi oti uwafunse mafunso. Ine ndapita."

"Dikirani! Loweruka loyamba la Disembala."

"Mvula ikagwa?"

"Ndibwerabe."

"Tagwirizana."

Tamanda anakhala masiku anayi ku chipatala cha ku boma. BP itatsika anabwerera kunyumba ndi mankhwala, atauzidwa kuti aziyezedwa sabata iliyonse. Anamwino Molly ankamulandira okha, osadzera kwa Apongozi.

Sabata yotsatira, Nambewe anayenda thandala ndi thandala, khomo ndi khomo. Sankapempha. Ankangoti, "Lachinayi masana, pa mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi. Usandichititse manyazi." Anafika amayi 42, a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti omwe.

Gladys anabwera atavala chitenje. Asanayambe anati, "Amayi, ndisanafunse kanthu, mudziwe izi. Palibe wokakamizidwa kuyankha. Wofuna kuchoka achoke, palibe amene amulembe. Sindilemba dzina la munthu. Ndipo kunena zoipa za makinawa sikuchotsetsa mankhwala kapena anamwino pa chipatala. Mukabisa, ife tikonza zolakwika. Mukanena, tikonza zoyenera."

Nambewe anali ataimika mphasa ziwiri ngati bafa. Kuseri kwake anaika zinthu zinayi zimene mayi aliyense wa pa doko amazidziwa: lichero, kapu, chigoba ndi ndowa.

"Tamverani kuno," anatero. "Mtsikanayu afunsa funso. Aliyense atenge kamwala kamodzi, alowe yekha. Ngati nkhawa yako palibe, ponya m'lichero. Ngati ndi yapang'ono, m'kapu. Ngati ndi yambiri, m'chigoba. Ngati ndi yokusowetsa mtendere mpaka kubwerera panjira, m'ndowa. Mwamva? Hajara, yamba ndiwe."

Funso loyamba linali lakuti: makina akamakufunsani za m'thupi mwanu mokweza pa khonde, manyazi anu amakhala ochuluka bwanji?

Hajara analowa. Kunamveka kuti ngwee!

Amayi onse anaphulika kuseka. "Ndowa! Hajara waponya m'ndowa!"

"Astaghafirullah! Mulungu andikhululukire!" anatero Hajara akutuluka atagwira kukamwa. "Chinsinsi chake n'chimenechi, Anambewe? Ndowa yanu ndi yolongolola kuposa Apongozi!"

Nambewe sanaseke. "Imani! Muyeso wolira si muyeso." Anatapa mchenga n'kuthira pansi pa chilichonse mwa zinayizo. Kenako anavundikira chilichonse ndi kansalu, n'kusiya kampata kolowetsera dzanja, kuti wolowa asaone kumene anzake aponya. "Tiyambirenso. Hajara, tenga mwala wako."

Ulendo uno kunali zii. Amayi analowa mmodzimmodzi. Onse atatha, Gladys anatulutsa ziwiya zija n'kuwerenga miyala pamaso pa aliyense. M'lichero munali umodzi. M'kapu iwiri. M'chigoba isanu ndi umodzi. M'ndowa munali miyala 33.

Amayi anayang'anana.

"Kani tonse?" anatero mayi wina wobereka mwana kumbuyo. "Ine ndinkayesa ndine ndekha wopepera."

Funso lachiwiri linali la kujambulidwa nkhope. Miyala yambiri inagwera m'chigoba. Gladys anafotokoza kuti chithunzicho chimangothandiza kupeza dzina la munthu ngati wataya buku, koma anavomera kuti palibe amene anauza anthu zimenezi, ndiponso palibe amene anawapempha chilolezo.

Funso lachitatu linali lakuti: mumada nkhawa bwanji kuti mukhudza polakwika, anthu n'kukusekani? Apa miyala yambiri inali m'lichero ndi m'kapu.

"Timatumiza ndalama pa foni tsiku ndi tsiku ife," anatero mtsikana wina. "Kukhudza si nkhani."

Koma m'ndowa munali miyala isanu.

"Asanuwa ndi agogo athu," wina anatero, ena n'kuseka.

Nambewe anaimirira. "Mukuseka chiyani? Umodzi mwa miyala imeneyo ndi wanga."

Kuseka kunatha.

"Inde, wanga. Mwezi wa Meyi ndinapita kuchipatala, msana ukundipweteka. Makina aja anati, 'Khudzani pamene palembedwa kuti Pitirizani.' Ine ndidziwa pati? Kumbuyo kwanga kunali ana a sukulu. Ndinanamizira kuti ndaiwala buku, n'kubwerera. Ndinakagula panado pa golosale. Msanawo ukundipwetekabe mpaka lero. Patangotha sabata mtsikanayu anabwera, ine n'kumulozera nkhope yoseka." Anatembenukira kwa Gladys. "Ngongole yanga ndi imeneyo. Ndabweza. Yatsala yako."

"Anambewe," anatero Hajara, "inu amene mumathamangitsa mavenda, kuthawa galasi?"

"Venda ndimamuona m'maso. Uyu alibe maso."

Gladys anafunsa funso lomaliza: kodi makinawa achotsedwe? Wofuna kuti achoke aponye m'ndowa, wofuna kuti akhale koma akonzedwe aponye m'lichero. Atavundukula, m'lichero munali miyala 36.

"Mukuwafunabe?" anadabwa Gladys.

"Mzere umayenda msanga masiku ano," anatero mayi wa mwana kumbuyo uja. "Ndipo amatitumizira uthenga pa foni kutikumbutsa tsiku la katemera. Ife sitikudana nawo. Angophunzira ulemu basi, azimvanso munthu akanong'ona."

Loweruka loyamba la Disembala kunacha ndi mvula. Nambewe anakhala pa khonde akuyang'ana kumsewu. M'nyumba munkamveka kulira kwa khanda. Tamanda anali atachirako msanga, masiku khumi apitawo, ku chipatala cha ku boma, kumene anakadikirira masabata awiri omaliza monga anamwino analangizira. Anali mwana wamkazi, wochepa thupi koma wa mawu ngati agogo ake. Anamutcha Tiyanjane.

"Sabwera ameneyo," anatero Hajara, amene anabwera kudzaona mwana. "Mvula yotereyi?"

"Akapanda kubwera ndimulondola ku ofesi kwakeko."

Nthawi itangopitirira teni koloko, kabaza inatulukira pa ngodya. Gladys anatsika matope ali mpaka m'mawondo, atakumbatira pepala lalikulu lokulungidwa m'pulasitiki.

"Wachedwa," anatero Nambewe.

"Munati tsiku, amayi. Simunatchule ola."

Hajara anaseka mpaka kutsokomola. "Mwakumana nayetu mnzanu!"

Mvula itakata, amayi anasonkhana m'tchalitchi. Gladys anatambasula pepala lija. Panalibe nkhope zojambula. Panali lichero, kapu, chigoba ndi ndowa, ndi timadontho toimira miyala, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga aone yekha.

"Izi ndi zimene munanena," anatero. "Tinakayezanso chimodzimodzi ku Lifuwu ndi kwa Maganga, ndipo mayankho anafanana ndi anu. Tsopano imvani zimene zasintha. Makina achoka pa khonde, ali m'kachipinda kotseka, ndipo munthu amamvera m'makutu yekha. Mafunso a padera ndi mwezi wochira achotsedwamo, amafunsa ndi anamwino. Kujambulidwa nkhope n'kufuna kwanu, mukakana palibe chimene mutaye. Pokhudza pali zithunzi ndi mitundu, osati zilembo zokha. Ndipo pa chitseko pali munthu wouza aliyense kuti akhoza kusankha makina kapena kulembedwa pamanja. Mwezi wathawu amayi ambiri amene anasiya sikelo abwereranso."

Nthungululu zinamveka mpaka ku doko.

"Chimodzi sitinathe," anapitiriza Gladys. "Munapempha kuti makinawa azimva munthu akanong'ona. Akatswiri akuti pakali pano sizitheka. Sindikufuna kukunamizani."

"Bola wanena," anatero Nambewe.

"Ndiye ngongole yanga yatha, amayi?"

Nambewe anayang'ana pepala lija nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira chigoba cha venda. Analigogoda ndi chala.

"Yatha. Koma banyira?"

"Banyira winanso?"

"Munthu akagula zambiri amamuikira banyira. Ife takupatsa miyala yambirimbiri."

Gladys anaganiza. "Tizibwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kudzayezanso. Nkhawa ya lero si ya mawa. Ina itha, ina ibwera."

"Ndowa ndisunga," anatero Nambewe. "Ndi mchenga womwe."

Lolemba lake Nambewe anaperekeza Tamanda ndi khanda ku sikelo. Atafika anapatsira Tamanda thumba la matewera, iye n'kulowa m'kachipinda kaja. Anamwino Molly anamuveka zomvera m'makutu n'kumuonetsa pobiriwira pamene ayenera kukhudza.

"Takulandirani," anatero mawu aja, chapansipansi, m'khutu mwake mokha. "Mukumva bwanji m'thupi lero?"

"Ehee," anatero Nambewe. "Tsopano mwayamba kulankhula ngati munthu woleredwa. Ndi msana, apongozi. Unayamba kale, ndinkangokubisirani."

Tsiku limenelo anabwerera kunyumba ndi mankhwala a msana, ndipo m'buku la Tiyanjane munalowa chidindo choyamba.

Nkhani ya Nambewe ikutiphunzitsa izi. Anthu akabwera kudzatifunsa za makina atsopano, kaya a kuchipatala, kaya a pa foni, tiwauze zoona. Kuyankha kuti "zili bwino" pofuna kusangalatsa mlendo kumapweteka ife tomwe ndi ana athu. Tili ndi ufulu wokana kuyankha, wofunsa kumene mayankho ndi zithunzi zathu zikupita, ndiponso wouzidwa zotsatira. Makina akatisowetsa mtendere tisathawe chipatala, tipemphe kuonana ndi munthu. Mayi woyembekezera akatupa nkhope kapena mapazi, kapena mutu ukamapweteka osaleka, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo inu ofunsa mafunso, funsani m'mawu amene anthu amalankhula, funsani pamalo pobisika, siyanitsani mantha, manyazi ndi kukayika, ndipo mubwerere kudzanena zimene mwapeza. Musanayeze nkhawa za anthu, yambani mwatembenuza chigoba chanu, muone kunsi.